Filimu Ikatha, Lankhulani Ngati Mboni

Ana anga, palibe m'badwo m'dziko muno umene waonera mafilimu ochuluka kuposa wanuwu. Malawi anakhala wopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa, ndipo makolo anu ambiri anakula akumvera masewero pa wailesi, monga Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino, zithunzi zake n'kumadzijambulira okha m'mutu. Inu filimu mumayenda nayo m'thumba. Ya ku Nigeria, ya ku India, ya ku Korea, ya ku America, zonse zimakwana pa kamemori khadi kamodzi. Ndipo ikatha simukhala chete. M'minibasi, pometera tsitsi, m'mahositelo a sukulu, pa WhatsApp, mumauzana zimene mwaonera. Zimenezo n'zabwino, sindikukuletsani. Chondidandaulitsa n'chakuti mawu amene amatuluka pakamwa panu ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi nthawi imene mwathera maso ali tong'o: "ndi yabho," "ndi yobowa," "imeneyo ndiye filimu," "musawonongerepo bandulo." Munthu wakhala maola awiri, waseka, wachita mantha, mwina wagwetsa ndi msozi mobisa, koma pofotokozera mnzake akungoponya mawu awiri basi. Langizo langa ndi limodzi: mukamanena za filimu imene mwaonera, lankhulani ngati mboni, osati ngati wogamula mlandu.

Amene munakhalapo pabwalo la mfumu mukudziwa kusiyana kwake. Mboni ikaimirira n'kungoti "uyu ndi wolakwa," kenaka n'kukhala pansi, nduna zimaidzutsanso. Zimafuna kumva pamene inaima, nthawi yake, chimene inaona ndi maso ake, ndi chimene inangomva kwa ena. Chigamulo chimabwera pambuyo, ndipo kulimba kwake kumadalira umboni umene waperekedwa. Mnzanu akakufunsani ngati filimu ina ndi yoti aonere, wogamula ndi iyeyo, chifukwa nthawi ndi yake, ndalama ndi zake, ndipo zimene zimamusangalatsa amazidziwa yekha. Chimene akufuna kwa inu ndi umboni: nkhani yake ndi yotani, ndi pati pamene panakugwirani mtima, ndi pati pamene munayamba kuyasamula, ndipo n'chifukwa chiyani. Mukati "yobowa," mwamulanda mpando wake ndipo simunamusiyire kanthu m'manja. Koma mukati "theka loyamba anthu amangolankhulana m'nyumba, ndewu imachedwa kuyamba, ndipo ine ndimafuna ya ndewu," mwamuthandiza, ngakhale atakhala kuti iyeyo amakonda mafilimu a anthu olankhulana m'nyumba. Wotero adzathamangira filimu yomwe inu mwaikanayo, n'kudzakuthokozani.

Musaganize kuti mawu a munthu wamba pa filimu ndi opepuka. Nthawi zambiri ndi amene amaikweza kapena kuikwirira. Mu 1992 ku Nigeria kunatuluka Living in Bondage, filimu ya m'chilankhulo cha Igbo imene wamalonda Kenneth Nnebue anaikapo ndalama n'kumaigulitsa pa matepi a VHS. Sinadutse m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera mafilimu. Inafala chifukwa ogula m'misika ankauzana, ndipo ambiri amaitenga ngati chiyambi cha Nollywood, yomwe pambuyo pake inatibweretsera Osuofia ndi Aki ndi Pawpaw. Ku America, The Shawshank Redemption ya mu 1994 sinayende malonda itangotuluka: inadya madola pafupifupi 25 miliyoni, koma ulendo woyamba inangobweza pafupifupi 16 miliyoni. Inapikisana nawo m'magawo 7 a mphoto za Oscar osapata ngakhale imodzi. Anaidzutsa ndi anthu obwereka matepi ndi oonera pa wailesi yakanema, uyu kuuza uyo, mpaka inakakhala pamwamba penipeni pa mndandanda wa IMDb wa mafilimu amene oonera amawakonda. Kwathu kuno mphamvu imeneyi ndi yokulirapo, chifukwa nyumba zoonetsera mafilimu n'zowerengeka ndipo olemba za mafilimu m'nyuzipepala ndi ochepa. Filimu ya Mmalawi imapulumuka kapena kufera pakamwa panu.

Tiyeni tigwire filimu imodzi imene ambiri mwa inu munaionera, tikhale nayo kanthawi. Pa 1 Marichi 2019 Netflix inatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe ku Kasungu, amene anasiyira panjira sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 mpaka 2002, n'kupanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala pamodzi ndi njinga ya bambo ake. Filimuyi inachokera m'buku limene William analemba ndi Bryan Mealer, lotuluka mu 2009. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, ndipo iye yemweyo anasewera ngati bambo Trywell. Wosewera ngati William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, pomwe mayi Agnes anali Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Anaijambula konkuno, ku Kasungu komweko, ndipo mbali yaikulu ya zolankhula ili m'Chichewa. Kunja anaiyamikira kwambiri. Kuno mawu amene anamveka kuposa onse anali okhudza Chichewa chake. Anthu anaseka katchulidwe, ena anakwiya, ena anafunsa ngati m'Malawi monse munasowa mwana woti n'kukhala William.

Dandaulo limeneli linali loona, ndipo ndi umboni umene wolemba wa ku London kapena ku New York sakanatha kupereka, chifukwa iye ankawerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, khutu lake losamva cholakwika chilichonse. Apa mwana wa sukulu wa ku Mchinji ankadziwa chimene katswiri wa ku Hollywood sankadziwa. Vuto linali kaperekedwe kake. Ambiri anangoti "Chichewa chanji chimenechi," nkhani n'kutsekera pomwepo. Mboni yabwino ikanapitirira. Ikanatchula pamene katchulidweko kanapweteka filimu: bambo ndi mwana akamakangana za njinga, pomwe mtima wa woonera unayenera kukhala pa mkwiyo ndi manyazi a bambo amene walephera kudyetsa banja lake, khutu la Mmalawi limakhala kalikiliki kulumikiza mawu, ndipo ena amaseka pamene anayenera kugwidwa chisoni. Ikanayerekeza ndi Lily Banda, amene anasewera ngati Annie mlongo wake wa William, kapena Philbert Falakeza amene anali Gilbert, kuti womvera aone mmene mawu amatsetserekera akakhala pa lilime la mwini wake. Ikananenanso za mbali inayo, poti mboni siibisa zokomera woimbidwa mlandu. Ejiofor akanatha kupanga filimu yonse m'Chingerezi, monga anachitira amene anapanga Hotel Rwanda mu 2004 ndi The Last King of Scotland mu 2006, ndipo kunjako palibe akanamudzudzula. Iye anasankha njira yovuta, yophunzira chilankhulo chathu ali wamkulu kale. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: Britain inatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar m'gawo la mafilimu osakhala a m'Chingerezi, chaka chomwecho chimene Lionheart ya Genevieve Nnaji wa ku Nigeria inakanidwa m'gawo lomwelo chifukwa chochulutsa Chingerezi. Munthu angathe kunena zonsezi n'kumalizabe kuti katchulidweko kanamuwonongera filimu. Ndi ufulu wake. Koma womvera amachoka akudziwa chifukwa chake, ndipo angathe kudzisankhira.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ataima pa katchulidwe, ambiri anasiya osanena zinthu zina zimene Mmalawi yekha ndiye akanaziona bwino. Filimuyi ikuonetsa banja likugwirizana zoyamba kudya kamodzi patsiku, anthu akukanganirana chimanga pa depoti ya boma, mwana akubwezedwa pasukulu chifukwa cha fizi, amuna a m'mudzi akugulitsa mitengo kwa a esiteti ya fodya posowa pogwira, ndi mfumu ikumenyedwa itanena za njala pamsonkhano wa pulezidenti. M'nyumba zambiri za ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji muli anthu amene anadutsa mu njala imeneyo, amene anadya gaga ndi mizu ya nthochi. Kodi filimuyi inanena zoona za iwo? Nanga Gule Wamkulu amene amaoneka pamaliro ndi malo ena, anaikidwa mwaulemu ndi momveka, kapena anangokhala chokometsera maso a alendo? Mayankho a mafunso amenewa muli nawo inu, kapena ali ndi agogo anu mutawafunsa. Palinso nkhani ya mathero. Mwa lamulo mboni ya filimu siyenera kuulula mathero, pamenepa pokha ndi pamene imasiyana ndi ya pabwalo, koma nkhani ya William ndi yodziwika kale, ndiye mundikhululukire. Mu filimu makinawo amapopa madzi, mudzi n'kulima m'chilimwe, njala n'kugonja. Zenizeni n'zakuti makina oyamba a William ankayatsa mababu ndi wailesi pakhomo pawo. Zopopa madzi zinadza patapita zaka, dzina lake litamveka kale kunja, atalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Opanga filimu anafinya zaka zingapo kuti nkhani ithe mokoma. Ena anganene kuti palibe cholakwika, filimu si buku la mbiri yakale. Ena anganene kuti kusinthako kukuphunzitsa dziko bodza lozuna, loti njala ya mtundu wonse ingathe ndi nzeru za mwana mmodzi. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ngakhale ndikuvomera kuti filimuyi sinabise kulephera kwa boma. Koma taonani mmene mkangano woterewu ulili waphindu. Mutha kuchezera nawo usiku wonse, aliyense n'kuchokapo atatolapo kanthu, zimene sizingachitike ndi "Chichewa chanji chimenechi."

Mboni imanenanso pamene inaima, ndipo apa ndi pamene achinyamata ambiri amadumpha. Filimu imodzi imaoneredwa m'njira zosiyana kotero kuti anthu awiri angakangane osadziwa kuti sanaone chinthu chimodzi. Lowani mu vidiyo sho ya ku Ndirande, kwa Mtandire kapena pa msika uliwonse wa kumudzi. Panja pali bolodi kapena chikatoni cholembedwa mayina a mafilimu a tsikulo, sipika ikulira kuti odutsa amve mfuti ndi zibakera. M'kati muli mdima, mabenchi a matabwa, kanema mmodzi kutsogolo, thukuta, ndi ana osuzumira m'ming'alu. Filimuyo nthawi zambiri imakhala yomasulira: mawu a eni ake atsitsidwa, pamwamba pake pakulankhula mnyamata mmodzi amene ali aliyense, mwamuna, mkazi ndi chigawenga chomwe, akutcha anthu a ku China mayina a kwathu, akuika nthabwala pamene panalibe, ndi kukutsimikizirani pasadakhale kuti mwini filimu safa. Limeneli ndi luso, ndipo si lathu lokha. Ku Uganda anthu otere amawatcha ma VJ, ndipo ku Kenya kuli DJ Afro amene anthu amafuna filimu chifukwa cha mawu ake. Koma amene waonera motero waonera ntchito ya anthu awiri, ndipo asanati "filimu yoseketsa" adzifunse kuti wamuseketsa ndani. Mnzake waonera filimu yomweyo pa foni yosweka galasi, moduladula, mauthenga akulowa, kope lake lojambulidwa mobera m'nyumba ya kanema, mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo. Akadzati "zithunzi zake n'zamdima, mawu samveka," mlanduwo ndi wa amene anapanga filimu, kapena wa mnyamata amene anamubenera? Sindikunyoza aliyense poonera mmene angathere. Bandulo ndi yodula ndipo magetsi amazimazima. Ndikungoti muzinena. Timawu tochepa toti "ndinaonera yomasulira" kapena "ndinalekeza pakati" timasintha kulemera kwa zonse zimene munene pambuyo pake.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena chamumtima: agogo, filimu ndi zosangalatsa chabe, si mayeso a MSCE, ndipo zokonda sizifanana. N'zoona kuti sizifanana, ndipo palibe angakukakamizeni kukonda chimene simunakonde. Koma mawu amenewa kawirikawiri amanenedwa pothawa funso. Kukonda kuli ndi zifukwa zake, ngakhale mwini wake asanazipeze. Wina amakonda mafilimu a ku India chifukwa cha nyimbo ndi magule, wina chifukwa amaonetsa mabanja akuluakulu okangana za ukwati monga a kwathu, wina chifukwa mathero ake sakhumudwitsa. Onse atatu akuti "ndimakonda za Chimwenye," koma muwapatse imodzi yopanda nyimbo, yothera pa maliro, muona kuti si amodzi. Ndipo kufufuza chifukwa sikuchotsa kukoma. Tengani The Gods Must Be Crazy ya mu 1980, imene yaseketsa mibadwo ingapo mu Africa muno. Botolo la Coca-Cola likugwa kuchokera mu ndege, wosewera N!xau akuyamba ulendo wokalitaya kumathero a dziko, galimoto yopanda mabuleki ikuzunza mzungu wamanyazi. Kuseka kwake n'koona, ndipo palibe chochitira manyazi. Koma filimuyi anaipanga Jamie Uys wa ku South Africa nthawi ya ulamuliro wa tsankho, ndipo ikuonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa kanthu za dziko, okhala mwamtendere m'chipululu, pomwe pa nthawiyo ambiri mwa iwo anali atalandidwa malo, ena akulembedwa usilikali ndi gulu lankhondo la South Africa ku Namibia. Zigawenga zachikuda za mu filimuyo nazo zimaonetsedwa ngati zitsiru. Amene wadzifunsa kuti "kodi ndikuseka chiyani, ndipo ndikuseka ndani?" sanasiye kusangalala. Wangozindikira kuti pena akuseka luso la kugwa ndi kudzuka, pena wosekedwayo ndi iye mwini.

Ena amati ife sitinaphunzire za mafilimu, tinganenepo chiyani. Apa sindichedwapo. Mboni siifunsidwa digiri ya zamalamulo. Simusowa kudziwa dzina la kamera kuti muone kuti mayi amene mwana wake wamwalira mu filimu akulira ndi maso ouma, tsitsi lili losalala ngati akupita ku ukwati, kapena kuti amene akuti ndi mlimi wosauka wagwira khasu ngati akuligwira koyamba. Zimenezi mumaziona kale. Chikusowa ndi chizolowezi chozitchula.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonsezi ndi cha manambala. Wina anganene kuti: ndivutikirenji kumvera zifukwa za munthu mmodzi, pomwe pa intaneti pali chiwerengero cha anthu zikwizikwi? Pa IMDb aliyense amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10, ndipo Rotten Tomatoes imaonetsa maperesenti. Anthu ochuluka chotero sangalakwe onse pamodzi. Ndikuvomera kuti manambalawa ali ndi ntchito yake. Filimu imene khamu la anthu laipatsa 3 nthawi zambiri imakhaladi ndi vuto. Koma dziwani mmene amapangidwira. Peresenti ya akatswiri pa Rotten Tomatoes siyeza kukoma kwa filimu. Imangowerenga kuti mwa olemba onse ndi angati amene anaivomereza, kaya ndi mtima wonse kaya monyinyirika. Olemba 100 onse atati "ilibe vuto, koma mawa ndiiwala," filimuyo ipeza 100 peresenti. Ina imene 60 aikonda mpaka kukhetsa misozi, 40 n'kuida, ipeza 60. Nambala yabisa chinthu chenicheni chimene mumafuna kudziwa. Funsaninso kuti oponya mavotiwo ndi ndani. Ambiri si a kuno, sakula ndi nthabwala zanu, ndipo filimu ya ku Malawi imapezako mavoti ochepa kapena osapezekako n'komwe. Choipitsitsa, manambala amaberedwa. Kumayambiriro kwa 2019, Captain Marvel isanatuluke, anthu okwiya ndi zimene Brie Larson, wosewera wamkulu mu filimuyo, ananena, zoti akazi ndi anthu osakhala azungu ndi ochepa pakati pa olemba za mafilimu, anakhamukira pa Rotten Tomatoes kukaigwetsa. Kampaniyo inatseka ndemanga za mafilimu amene sanatuluke, ndipo mu Meyi chaka chomwecho inayamba kupatula mavoti a amene atsimikizira kuti anaguladi tikiti. Inazindikira mochedwa zimene nduna za kumudzi zimadziwa kalekale, zoti amene sanaone asaimirire.

Musawaseke a ku America, chifukwa matenda omwewo ali pakati panu. Alipo amene amagamula filimu ataona kachidutswa ka masekondi 30 pa TikTok, kapena atamva mnzawo womveka pagulu akuinyoza. Alipo amene anaikonda koma akuopa kunena, poti gulu laseka kale, ndiye nawo angoseka. Umenewu ndi umboni wonama, ngakhale nkhani yake ndi yaing'ono, ndipo chizolowezi chake sichithera pa mafilimu. Amene munaonera I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni wa ku Zambia, ya mu 2017, mukukumbukira bambo uja wochitira umboni kupolisi kuti kamtsikana kanamudula mkono, mikono yonse iwiri ili pompo, kenaka n'kuvomera kuti zinali kutulo. Timaseka, koma kamtsikanako kanapitabe ku msasa wa mfiti. Mnyamata amene wazolowera kubwereza maganizo a gulu pa filimu adzawabwerezanso pa gogo amene akunenedwa ufiti, pa mtsikana amene mbiri yake yaipitsidwa, pa wandale amene sanamumvepo akulankhula. Filimu ndi malo otchipa ophunzirira kunena kuti "ine ndinaona mosiyana," chifukwa palibe amene amathamangitsidwa m'mudzi pa nkhani ya Jackie Chan. Ndipo mukamva mnzanu akutero, musamuyankhe kuti sadziwa mafilimu. Mufunseni kuti iye anaona chiyani.

Tsopano tifike pa mafilimu athu, pamene nkhaniyi imawawira. Pali magulu awiri, ndipo onse akulephera umboni. Loyamba limati za ku Malawi n'zachibwana, osaonera n'komwe. Amenewa akungoonetsa kuti sakudziwa zimene zachitika. Shemu Joyah, katswiri woyeza malo amene analowa m'mafilimu ali wamkulu, anatipatsa Seasons of a Life, nkhani ya mtsikana wantchito amene abwana ake anamupatsa mimba, iye n'kudzaphunzira zamalamulo ndi kubwerera kudzamenyera mwana wake. Anatipatsanso The Last Fishing Boat ya mu 2012, yokhudza banja la msodzi ndi alendo odzaona nyanja. Kenaka anatulutsa The Road to Sunrise ya mu 2017, yokhudza amayi awiri oyendayenda mu Blantyre. Yomalizayi inapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018 ngati filimu yopambana kum'mwera kwa Africa, ndipo inali yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula anali atapata kale mphoto yomweyo mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe, ndipo Fatsani ya Gift Sukez Sukali nayo inadzatumizidwa ku Oscar. Mungathe kuzipeza ndi zolakwika zonsezi, koma muyambe mwaziona.

Gulu lachiwiri ndi la "tiyeni tisapote zathu," ndipo limeneli limandivuta kwambiri chifukwa mtima wake ndi wabwino. Limati anthuwa akuvutika, amajambula ndi ndalama za m'thumba mwawo, zida n'zobwereka, osewera ena salipidwa, ndiye kuwadzudzula ndi nsanje, ndi kukokerana pansi kumene Amalawife timatchuka nako. Zakuvutikazo n'zoona, ndipo n'zoonanso kuti alipo onyoza chifukwa cha kaduka. Koma wakaduka mumamuzindikira msanga: amanena za munthu, za nkhope yake, za kumene wapeza ndalama, ndipo mukamufunsa kuti ndi pati mu filimumo pamene palakwika amasowa chonena. Mboni imanena za ntchito, ndipo imaloza malo. Imati galimoto inatenga nthawi yaitali ikufika pageti, geti likutsegulidwa, ikulowa, ikuima, munthu akutsika, pomwe chimene timafuna kudziwa n'chakuti wafika basi. Imati nyimbo inakwera mpaka kuphimba mawu a mayi pamene ankaulula chinsinsi. Imati mwamuna ndi mkazi wake ankakangana kuchipinda m'Chingerezi cha m'buku, chimene palibe banja la kwa Chinsapo limakanganira, ndipo anakhala amoyo pokhapokha atabwerera ku Chichewa. Imati sing'anga uja, ndi choko kumaso ndi kuseka kwake, anatengedwa ku Nollywood, si wa kuno. Imatchulanso chimene chinayenda bwino, mwachindunji chomwecho, kuti mwini wake adziwe choti asunge: mwana uja amene sanalankhule kanthu koma maso ake ananena zonse, kapena mmene anajambulira msika m'mamawa mavenda akuyala katundu.

Kumbukiraninso kuti ambiri mwa inu filimuyo simunaigule. Munaipeza kwa obena, kapena mnzanu anakutumizirani pa foni, ndipo mwini wake sanalandirepo ngakhale tambala. Nkhani ya kulipira ndi ina, yofunika tsiku lake. Koma ngati ndalama simunapereke, musamumanenso chinthu china chokha chimene chili m'manja mwanu. Kwathu kuno wopanga filimu wachinyamata alibe gulu la akatswiri lomuunikira ntchito isanatuluke, ndipo achibale ndi anzake amamuopa kumukhumudwitsa. Akamva kwa oonera asanu osadziwana kuti pa chithunzi cha kumunda mphepo inaphimba mawu onse, ulendo wotsatira adzabwereka maikolofoni yabwino, kapena adzajambulanso mawuwo m'nyumba. Akangomva kuti "mwatiimirira, bwana," adzabwerera kumunda komweko ndi maikolofoni yomweyo.